Kusintha Denga la Nyumba Mvula Isanagwe

Mvula yoyamba ikagwa m'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, mabanja ambiri sagona usiku umenewo. Mayi amadzuka kukatchera mbale ndi miphika pamene pakudontha, bambo amakokera thumba la chimanga pakona pouma, ndipo ana amasamutsidwa ndi mphasa zawo uku ndi uko. Kukacha anthu amaseka nkhani ya usikuwo nanena kuti denga adzalikonza mvula ikakata. Koma pakapita masabata awiri kapena atatu, mayi uja amapezeka pa mzere wa kuchipatala ku Namitete, ku Nsaru kapena ku Nambuma, mwana ali kumsana, akutsokomola kapena thupi likutentha. Ndi anthu owerengeka okha amene amazindikira kuti ulendo wa kuchipatalawo udayambira padenga.

Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr H. Kamuzu Banda, amene adalamulira kuyambira 1964 mpaka 1994, ankakonda kukumbutsa anthu pa misonkhano kuti munthu aliyense asowa zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino ndi nyumba yosadontha. Chachitatucho sichidakwanire kwa onse mpaka lero. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 36 mwa 100 zilizonse m'Malawi zinali za makoma adothi ndi denga laudzu, ndipo zina zambiri zinali za njerwa zootcha koma zofolera ndi udzu. Udzuwo si cholakwa ayi. Denga labwino, kaya ndi laudzu kaya lamalata, ndi limene limachita ntchito zinayi: silidontha, silisasuka ndi mphepo, sililowetsa udzudzu, ndipo silitsekereza mpweya. Banja limene lasintha denga koma lalephera chimodzi mwa zinayizi silinatsirize ntchito.

ADANI A DENGA M'DERA LINO

M'maiko a m'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Beira m'dziko la Mozambique, mdani wamkulu wa malata ndi mchere umene umayenda mumphepo nudyetsa chitsulo dzimbiri, kuwonjezapo anamondwe ochokera panyanja. Kuno ku chigwa cha Lilongwe mcherewo kulibe, ndipo anamondwe monga Freddy wa mu Malichi 2023 adasakaza makamaka chigawo cha kummwera. Komabe denga la kuno lili ndi adani ake.

Woyamba ndi mvula. Kuyambira Novembala mpaka Epulo dera lino limalandira mvula ya mamilimita pakati pa 800 ndi 1,000 pa chaka chabwino. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Motero denga la mamita 6 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi, pa chaka cha mvula ya mamilimita 900, limasenza malita 27,000, ndiye kuti migolo 135 ya malita 200. Madzi onsewa ayenera kutsetsereka ndi kugwera kutali ndi khoma.

Wachiwiri ndi mphepo. Dziko la ku Mpingu, ku Namitete ndi ku Nsaru ndi lathyathyathya, ndipo mitengo imene inkatchinga midzi idatha m'malo ambiri. Kamvulumvulu wa mu Seputembala ndi Okutobala, ndiponso mphepo yamkuntho imene imatsogolera mvula zoyamba, sizipeza choziimitsa kufikira zitagunda nyumba. Chaka ndi chaka madenga a nyumba, masukulu ndi matchalitchi amasasuka pa nyengo imeneyi.

Wachitatu ndi chiswe pamodzi ndi tizilombo tofumbwitsa mitengo. Wachinayi ali m'nyumba momwemo: utsi wa moto wophikira, umene umadetsa ndi kudya malata, ndi matumba a feteleza osungidwa m'chipinda chotsekeka, amene amafulumizitsa dzimbiri.

MATENDA AMENE AMALOWERA PADENGA

Chifuwa ndi chibayo. Nyumba yodontha siuma msanga. Mphasa, zofunda ndi makoma zimagwira chinyezi, ndipo nkhungu imamera m'makona. Mpweya wotere umautsa chifuwa ndi mphumu, ndipo mwana wamng'ono wogona ponyowa sachedwa kufooka. Mwana amene akutsokomola, akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati popuma ayenera kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti zimenezi ndi zizindikiro za chibayo.

Malungo. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku. Umatsatira fungo ndi mpweya wa anthu ogona, ndipo ukafika pakhoma umakwera chokwera kufikira utapeza mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Mpata umenewu ndiwo khomo lalikulu la udzudzu m'nyumba zambiri za kumudzi.

Makoswe ndi tizilombo. Udzu wakale woola ndi mudzi wa makoswe, mphemvu, zinkhanira ndi njoka zimene zimatsata makoswewo. Makoswe amadya ndi kuipitsa chakudya, ndipo amanyamula utitiri umene ungafalitse matenda.

Chuku. Dera lino ndi la mtedza ndi chimanga. Mbewu zimenezi zikadontheredwa ndi kusungidwa zonyowa zimachita chuku, ndipo mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni amene satha ndi kuphika kapena kukazinga. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, ndiponso amathandizira kuti ana apinimbire. Akatswiri a mtedza a ku Chitedze akhala akuchenjeza alimi za chuku kwa zaka zambiri.

Kugwa kwa khoma. Madzi odontha pamwamba pa khoma la zidina kapena la njerwa zomangira dothi amalifewetsa pang'onopang'ono. Khoma lotere limagwa kawirikawiri usiku mvula ikugwa, pamene anthu agona m'munsi mwake.

Kuti nyumba yabwino imateteza ana si nkhani yongoganizira ayi. Kafukufuku amene adachitika m'midzi ya kufupi ndi Ekwendeni m'boma la Mzimba, nasindikizidwa mu 2001, adayerekeza ana osakwana zaka 5 okhala m'nyumba zomangidwa ndi chithandizo cha bungwe la Habitat for Humanity ndi ana okhala m'nyumba zakale za m'midzi yomweyo. Nyumba zatsopanozo zinali ndi denga lolimba, pansi pasimenti ndi chimbudzi. Ana okhalamo ankadwala chifuwa, kutsegula m'mimba ndi malungo mocheperapo kusiyana ndi anzawo.

KUDZIWA KUTI DENGA LATHA

Mwini nyumba asadikire mvula kuti imuuze. Masana dzuwa lili paliwombo alowe m'nyumba, atseke chitseko ndi mazenera, ayang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakuoneka kuwala padzalowa madzi. Kenaka abaye mapaso ndi nsonga ya mpeni, makamaka pamene agona pakhoma. Mtengo umene mpeni ukulowa mosavuta, kapena umene ukutulutsa ufa, watha m'kati ngakhale kunja ukuoneka wabwino. Aone ngati msana wa denga wapindika, ngati pakhoma pali mizere ya madzi a chaka chatha, ndiponso ngati chiswe chamata njira zake zadothi kukwera kudenga. Pa denga lamalata aone misomali imene yazuka, mabowo amene akula mozungulira misomali, ndi dzimbiri pamene malata alumikizana.

Ngati mapaso ali olimba ndipo pobooka ndi pamodzi kapena pawiri, kukonza pokhapo nkokwanira. Koma ngati mitengo yafumbwa, kuika udzu kapena malata atsopano pamwamba pake ndi kutaya chuma. Denga lotero liyenera kusasulidwa lonse.

NTHAWI YAKE

Ntchito ya denga ili ndi kalendala yake monga ulimi. Udzu wofolera umamwetedwa utakhwima, njere zitayoyoka, kuyambira Juni mpaka Julayi. Womweta msanga amapeza udzu wanthete umene suchedwa kuola, ndipo wochedwa amapeza lupsa lokhalokha, anyamata osaka mbewa atatentha tchire. M'midzi ya alimi a fodya udzu ndi mitengo zimalimbiranidwa ndi zigafa, motero banja lanzeru limayamba lapatula mitolo ya nyumba yogona. Mitoloyo iunjikidwe pa thandala, osati pansi pamene chiswe chingaipeze, ndiponso kutali ndi moto.

Mitengo ya mapaso, monga bulugama ndi nsungwi zokhwima, idulidwe miyezi iwiri kapena itatu ntchito isanayambe, isendedwe makungwa ndi kuumitsidwa pamthunzi. Mtengo wauwisi umapindika ndi kung'aluka ukamauma, ndipo misomali imakhwepa. Kupaka mankhwala oteteza matabwa ku chiswe kumawonjezera zaka za denga.

Ndalama za fodya, soya ndi mtedza zimafika m'manja kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Imeneyi ndiyo nthawi yogula malata, misomali ndi waya, ndalama zisanathere ku zina. Kufolera ndi kukhoma kuchitike mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo kuthe chizimalupsa chisanagwe. Banja limene limasasula denga mu Novembala limagona panja ndi ana pa nthawi imene udzudzu wayamba kuchuluka, ndiponso limasiya munda pamene ukufuna manja onse.

UDZU KAPENA MALATA?

Anthu ambiri amaganiza kuti nyumba ikangokhala ya malata ndiye kuti mavuto atha. Zoona zake nzakuti chilichonse chili ndi ubwino ndi kuipa kwake.

Udzu ndi wosavuta kuupeza kwa banja losauka, umazizira masana mu Okutobala ndipo umafunda usiku mu Juni. Koma umagwira moto msanga, umasunga makoswe ukakalamba, ndipo ukafoleredwa mopyapyala umafuna kukonzedwa chaka ndi chaka.

Malata amakhala zaka zambiri, sagwira moto, ndipo amapatsa banja madzi a mvula. Koma amatentha kwambiri masana, amazizira mbandakucha, ndipo mame amene amachita kunsi kwake amadonthera ogona. Nyumba ikatentha usiku, anthu amataya masikito kapena kukagona pakhonde, ndipo udzudzu umawapeza. Malata okhomedwa mosasamala amauluka ndi mphepo, ndipo lata louluka limadula ngati chikwanje.

Motero banja limene ndalama zake zikungokwanira malata opyapyala, popanda waya, misomali yoyenera ndi mitengo yolimba, lichita bwino kufolera ndi udzu mwaluso chaka chino, ndi kupitiriza kusunga ndalama. Ndiponso asanaike denga lolemera pa nyumba yakale, mmisiri aone makoma. Khoma long'aluka kapena lopendekeka likonzedwe poyamba.

KUFOLERA NDI UDZU

Chinsinsi cha denga laudzu ndi kutsetsereka. Madzi ayenera kuthamanga pamwamba pa udzu asanapeze nthawi yolowa m'kati. Muyeso wake ndi wosavuta: msonga wa denga utalike pamwamba pa khoma ndi theka la kufupika kwa nyumba. Ngati nyumba ndi ya mamita 4 m'lifupi, msonga ukwere mamita 2 kuchokera pamwamba pa khoma. Madenga ambiri amene amadontha chaka choyamba ndi ogona kwambiri, chifukwa mwini wake adafuna kusunga mitengo.

Udzu wabwino ndi wautali, wowongoka ndi wouma, monga nyumbu. Tsekera wokhuthala mapesi ndi woyenera mpanda koposa denga. Udzu ukutumulidwe ndi kupesedwa kuti masamba ndi zinyalala zichoke, pakuti zimenezi ndizo zimasunga madzi ndi kuyambitsa kuola.

Kufolera kumayambira m'munsi kukwera kumsonga. Mzere woyamba uikidwe matsinde akuloza pansi, ndipo mzere uliwonse wotsatira uphimbe zomangira za mzere wapansi pake. Udzu umangidwe zolimba ku mbaliro ndi luzi, khonje kapena linya. Kuchindikala kwake kusachepere masentimita 15. Pamsonga ndi pamene pamayambira kudontha, motero pafunika udzu wowonjezera womangidwa mbali zonse ziwiri.

Mabanja ambiri masiku ano amayala pepala lapulasitiki kunsi kwa udzu. Limathandiza, koma lisakhale chifukwa chochepetsera udzu, pakuti dzuwa likaliona limaphwanyika, ndipo makoswe amaliboola. Pa nyumba yophikiramo pepalali lisaikidwe, chifukwa limatsekereza utsi ndiponso likagwira moto limadontha ngati phula.

KUKHOMA MALATA

Malata amasiyana kuchindikala, ndipo muyeso wake ndi geji. Nambala ikachepa, lata limachindikala: la geji 28 ndi lolimba kuposa la geji 30, ndipo la geji 32 ndi lopyapyala koposa onsewa. Wogula afunse geji ndi kuona chizindikiro pa latalo, asakopeke ndi kutsika mtengo kokha.

Mphepo siikankha denga pansi ayi, koma imalinyamula monga momwe munthu amavundukulira mphika. Pachifukwa ichi denga liyenera kumangidwa ngati unyolo: lata ku mitengo yopingasa, mitengo yopingasa ku mapaso, mapaso ku mtanda wogona pamwamba pa khoma, ndipo mtandawo ku khoma lenileni. Mphete imodzi ikasowa, denga lonse limapita. Malangizo ofunika ndi awa:

1. Waya wolimba kapena lamba wachitsulo alowetsedwe m'khoma mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya njerwa kuchokera pamwamba, azungulire mtanda ndi phaso lililonse. Pa nyumba yakale khoma libooledwe ndi kupisamo waya.

2. Denga litsetsereke mokwanira. Pa nyumba ya mamita 4 m'lifupi msonga ukwere kupitirira pang'ono mita imodzi. Denga logona kwambiri ndilo limayamba kusasuka. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri kapena imodzi.

3. Mitengo yopingasa isatalikirane kupitirira masentimita 90, ndipo pa malata opyapyala iyandikane koposa pamenepa.

4. Malata aphimbane mzere umodzi ndi theka m'mbali, ndi masentimita osachepera 15 kumapeto. Kukhoma kuyambire mbali imene mphepo imalowera, kutsirizira kumene imachokera, kuti mphepo ndi mvula zisalowe polumikizira.

5. Misomali ikhale ya malata, ya chipewa. Ikhomedwe pamsana pa mzere, osati m'ngalande moyenda madzi. M'mphepete mwa denga, m'makona ndi pamsonga misomali ichuluke, pakuti mphepo imayambira pamenepo kukanganula.

6. Denga lipitirire khoma ndi masentimita 45 mpaka 60 kuti madzi agwere kutali ndi maziko. Likapitirira kwambiri mphepo imapeza pogwira. Khonde lalikulu likhale ndi denga lakelake, kuti likasasuka lisakoke denga la nyumba.

7. Miyala, njerwa ndi matayala zisaikidwe padenga m'malo mwa misomali. Mphepo ikakula zimagwera anthu, ndiponso matayala amasunga madzi oswetsa udzudzu.

Mmisiri wodziwa ntchito ndi wotsika mtengo kuposa denga logula kawiri. Dera lino lili ndi mwayi wa amisiri ophunzira, pakuti sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete imaphunzitsa ukalipentala ndi zomangamanga. Mwini nyumba afunse anzake amene adagwiritsapo mmisiriyo, ndipo akaone yekha madenga ake amene adapirira mvula zingapo. Safunsa adadya phula.

KUTSEKA MPATA, KUTSEGULA MAZENERA

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalekezera ntchito. Denga likakwera, anthu amalowetsa katundu nasangalala, mpata wa pakati pa khoma ndi denga uli chitsegukire. Mpata umenewu utsekedwe ndi njerwa ndi dothi kuzungulira nyumba yonse, osasiya pobooka ngakhale polowa chala. Pa nyumba yamalata timipata ta kunsi kwa mizere ya lata timatidwenso.

Koma nyumba yotsekeka ponseponse ndi yoopsa mwa njira ina. Imatentha, imasunga utsi, ndipo tizilombo ta chifuwa chachikulu timafala msanga m'chipinda chosalowa mpweya ndi dzuwa. Motero mpata ukatsekedwa, mazenera akhale aakulu mokwanira, oyang'anizana pa makoma awiri kuti mphepo idutse, ndipo atchingidwe ndi waya wa sefa. Chitseko chikhale chokwana bwino, ndipo chizitsekedwa dzuwa likamalowa. Ku Gambia, kumadzulo kwa Africa, kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 adapeza kuti m'nyumba zotchingidwa motere udzudzu wolowa udachepa ndi theka, ndiponso ana osowa magazi adachepa.

Kutentha kwa malata kumachepa ndi siling'i ya mphasa, bango kapena nsungwi, koma m'mbali mwake mutsekedwe kuti musasanduke nyumba ya makoswe ndi mileme. Penti yoyera pamwamba pa malata imabweza dzuwa. Mitengo yamthunzi ndi yotchinga mphepo ibzalidwe motalikira, kuti nthambi ikathyoka isagwere nyumba. M'miyezi yozizira mbaula ya makala isasiyidwe m'chipinda chotseka anthu akugona, pakuti mpweya wake umapha mwakachetechete, wopanda fungo.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa masikito ayi. Usiku woyamba m'nyumba yokonzedwayo masikito apachikidwenso, ndipo aliyense agonemo, makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Thupi likatentha, munthu apite kukayezetsa malungo tsiku lisanathe.

NGOZI ZA PA TSIKU LA NTCHITO

Asanayambe kusasula, chakudya, ziwiya, zofunda ndi madzi akumwa zitulutsidwe ndi kuvundikiridwa. Ana aang'ono, okalamba ndi odwala chifuwa apite kwa anansi. Udzu wakale uli ndi fumbi, mwaye ndi ndowe za makoswe, motero osasula amange nsalu yonyowa pamphuno ndi pakamwa, ndipo achenjere ndi mavu, zinkhanira ndi njoka. Udzuwo usaunjikidwe pabwalo, koma upite kudzenje la manyowa kutali ndi nyumba.

Makwerero akhale olimba ndipo munthu wina awagwire. Woledzera asakwere padenga, ndipo mowa wothokozera anthu uperekedwe ntchito itatha. Malata asanyamulidwe pa tsiku la mphepo. Wokwera aponde pamene pali mtengo kunsi, ndipo avale nsapato. Misomali yakale itoledwe yonse m'chitini.

Munthu akabayidwa ndi msomali kapena kuchekedwa ndi lata, balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera ambiri, lipsinjidwe ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo timakonda bala lakuya. Pabala pasathiridwe dothi, phulusa, ndowe kapena mafuta agalimoto. Achipatala adzaona ngati pafunika katemera. Munthu amene wagwa kuchokera padenga namva kupweteka khosi kapena msana asadzutsidwe kapena kubebedwa. Agonekedwe chowongoka pa chitseko kapena thabwa, mutu wogwiridwa kuti usagwedezeke, ndi kupita naye kuchipatala.

Pa nyumba zina zakale pali madenga otuwa, ochindikala, a simenti yosakaniza ndi asibesitosi. Fumbi lake limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo patapita zaka zambiri. Madenga otere asachekedwe, asaphwanyidwe, ndipo mwini wake ayambe wafunsa mlangizi wa zaumoyo asanawakhudze.

MADENGA ENA A PAKHOMO

Nyumba yogona si yokhayo yofuna denga. Chimbudzi chopanda denga chimafewa ndi kugumuka mvula ikachuluka, ndipo banja limabwerera kutchire pa nyengo yeniyeni ya matenda otsegula m'mimba. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe linali limodzi mwa maboma amene adavutika koposa. Mitolo yochepa ya udzu ikwanira kuteteza chimbudzi.

Khitchini ikhale payokha, ndipo mosiyana ndi nyumba yogona, mipata yake isatsekedwe kuti utsi uzituluka. Nkhokwe ifoleredwe mokwanira, ndipo matumba a chimanga ndi mtedza a m'nyumba akhale pa thandala, osakhudza khoma.

Banja la denga lamalata lingathe kutchera madzi. Mvula ya mamilimita 20 pa denga lija la mamita 6 ndi 5 imapereka malita 600, ndiye kuti ndowa 30 za malita 20. Madzi oyamba atayidwe chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi. Otsalawo avundikiridwe kuti udzudzu usaswanemo, ndipo akumwa awiritsidwe kapena athiridwe kolorini.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Makolo adaona kale kuti denga ndi ntchito ya mudzi. M'mudzi uliwonse muli nkhalamba, amasiye, olumala ndi odwala nthawi yaitali amene sangathe kumweta udzu kapena kukwera pamwamba. Nyumba zawo ndizo zimayamba kudontha ndi kugwa. Nyakwawa, komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, mipingo ndi magulu a achinyamata angathe kuyendera nyumba zonse mu Julayi, kulemba zimene zili pangozi, ndi kupatula masiku ofolerana. Mudzi ungathenso kugwirizana za malo osunga udzu, ndi kuletsa kutentha tchire anthu asanamwete. Magulu a banki m'khonde athandiza mabanja ambiri kugula malata pang'onopang'ono. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera ndi wokonzeka kuyendera nyumba ndi kupereka uphungu popanda malipiro. Mankhwala a kuchipatala amachiza mwana, koma mwanayo akabwerera ku mphasa yonyowa ndi chipinda chodzaza udzudzu, sachedwa kubwereranso pa mzere. Kupewa kuposa kuchiza.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Kodi ntchito zinayi za denga labwino ndi ziti?

2. Kodi udzudzu wa malungo umalowera pati m'nyumba zambiri, nanga banja lingautseke bwanji popanda kutsekereza mpweya?

3. Kodi nyumba ya mamita 4 m'lifupi, yofolera ndi udzu, ifuna msonga wokwera motani?

4. Chifukwa ninji kuika miyala padenga lamalata kuli koopsa, nanga m'malo mwake pachitike chiyani?

5. Kodi munthu wobayidwa ndi msomali athandizidwe motani asanafike kuchipatala?

6. Kodi m'mudzi muno ndi nyumba ziti zimene eni ake sangathe kufolera okha, nanga adzawathandiza ndani mvula isanagwe?